Ndinaona, a Moyo

Ndikukumbukira chaka chimene malasha anapengetsa mzinda wa Tete. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndili kusekondale, ndipo ndinkadziona ngati munthu yekhayo wodziwa Chingelezi m'bairo lonse la Chingodzi, dera limene tinkakhala. Magalimoto aakulu ankapanikizana pamlatho wa Zambezi, fumbi likutilowa m'mano, ndege zikutera kuseri kwa nyumba zathu kudzatsitsa anthu ovala makapaseti oyera, zipewa zolimba zija za kumgodi. Aliyense ankafuna ntchito, ndipo ntchitoyo inkafuna Chingelezi. Kusukulu tinkaphunzira zonse m'Chipwitikizi, Chingelezi nkumangochinunkhiza, koma ine ndinali ndi mwayi wina. Makolo anga anakhala ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, ndipo bambo asanamwalire anandisiyira mawu angapo ndi buku lina lopanda chikuto. Ndi zimenezo ndinkalembera anthu akuluakulu makalata ofunsira ntchito. Madoda a ndevu ankandidikira pakhomo. Mutu unakula, sindibisa.

Mayi anga ankachapa zovala pakampu ya kampani ina yaing'ono yokonza misewu ya kumgodi. Dzina lake silofunika, inatha kalekale. Ntchitoyo anawapezera ndi a Moyo, bambo wamtali wa ku Ntcheu amene anali mphunzitsi m'mudzi womwe unasunga makolo anga pothawa nkhondo. Malasha atayamba, a Moyo anasiya choko nkubwera ku Tete monga anachitira ambiri. Pakampupo ankasunga makiyi a chipinda cha katundu ndi kuyang'anira amayi ochapa ndi ophika. Mayi ankati mkazi wa a Moyo ndi amene anawapatsa mphika woyamba atafika ku Malawi opanda kanthu. Choncho kwathu dzina la a Moyo silinkatchulidwa mwachibwana.

Tsiku lina kunapezeka kuti mabota atsopano, aja okhala ndi chitsulo kuzala, asowa m'chipinda cha katundu. Patarau, ndiye kuti bwana wa pakampupo, anali mzungu wa ku Joni amene sankamva Chipwitikizi, Chinyungwe kapena Chinyanja, ndipo sankafuna kumva. Analamula kuti wantchito aliyense alembe zimene akudziwa, m'Chingelezi. A Moyo ndi amene anagawa mapepalawo Loweruka poweruka. Pamwamba pa pepala lililonse panali funso limodzi: "Did you see who took the boots?" Kufunsa ngati munthu anaona amene anatenga mabotawo. Wosadziwa kulemba apeze womulembera, mapepala abwere Lolemba.

Lamulungu masana mayi anandiitana pansi pa mtengo wa masawu umene unali pabwalo pathu. Kunkatentha monga kumatenthera ku Tete, moti ngakhale mbuzi zinali zitagona m'mithunzi ya makoma. Ine ndinali nditavala kale kabudula wa mpira, anzanga akundiimbira mluzu kumsewu. Ndinatsamiritsa pepala pabondo nkuwauza kuti afulumire.

Anati ndiyambe ndi kupereka moni kwa a Moyo, popeza pepalalo linachokera kwa iwo ndipo linkabwerera kwa iwo. Kenaka anatsitsa mawu nkunena kuti, "Inde, ndinaona, a Moyo. Anaika mabotawo m'thumba la mpunga, Loweruka lapitalo, kuseri kwa thanki."

Ndinawafunsa dzina la wakubayo. Anapukusa mutu nkunena kuti dzina la munthu salilemba papepala limene lidutse m'manja ambiri, akawauza okha a Moyo pakamwa. Anati nditsirize ndi kuthokoza. Ndinalemba mosaganiza kawiri:

"Good morning Mr Moyo. Yes I saw Mr Moyo. He put the boots in a rice sack on Saturday behind the tank. Thank you Mr Moyo."

Ndinawawerengera, nkuwamasuliranso m'Chinyanja monga momwe ananenera. Anakhutira. Analemba dzina lawo pansi pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano, ine nkuthamangira kumpira.

Lolemba mapepala sanatole a Moyo. Patarau anati wosunga makiyi nayenso ndi wokayikitsa, ndiye anatuma kalaliki wake, mnyamata wina wonunkhira mafuta amene ankatanthauzira mzunguyo chilichonse. A Moyo tsiku limenelo anali atatumidwa ku Moatize, mayi osawaona nkomwe. Lachiwiri m'mawa a Moyo anaimitsidwa pageti, nkulandidwa makiyi pamaso pa amayi onse ochapa ndi ophika. Anauzidwa kuti pali mboni imene inawaona ndi maso, ndipo ngati mabota sabwera pofika Lachisanu nkhaniyo ipita kupolisi.

Mayi anabwera kunyumba ali ndi ukali woopsa. Anatukwana mboni yabodzayo kuyambira pageti mpaka kukhitchini, akuti munthu wotero mwina anabadwira kuchimbudzi. Ine ndinawonjezera zanga. Ndinalumbira kuti ndikamudziwa ndimugulula mano. Tinadya mgonero tikumutemberera munthu ameneyo, aliyense akupikisana ndi mnzake.

Lachitatu masana, nditangofika kuchokera kusukulu, ndinapeza a Moyo atakhala pampando pansi pa masawu paja, malaya awo oyera atanyowa thukuta kumsana. Mayi anali pamphasa. A Moyo anandiyankha moni bwinobwino, kenaka anatulutsa pepala m'thumba. Inali fotokope ya kalata yanga. Mzere umodzi unali utapakidwa utoto wachikasu.

"NaJere," anatero kwa mayi, "tanenaninso mawu amene munamuuza mwanayu kuti alembe. Monga momwe munanenera."

Mayi ananena. A Moyo anamvetsera atatsinzina, ndipo mayi atafika pa "ndinaona" nkupuma pang'ono asanatchule dzina lawo, ndinaona mapewa a bamboyo akutsika ngati munthu watula mtolo. Anandipatsa pepala kuti ndiwerenge mzere wachikasuwo. Ndinawerenga mokweza, monyada, ndikupuma pamalo omwewo pamene mayi anapuma.

"Ukupumira pati, Bento? Papepalapo palibe popumira. Wasiya koma."

"Koma chiyani?"

"Koma."

"Ndamva, aphunzitsi. Koma chiyani? Malizani."

Ndinkaganiza kuti bamboyo akuyamba chiganizo nkuchisiya panjira. Pakamwa pawo panagwedezeka ngati afuna kuseka, koma kuseka sikunabwere.

"Virigula, iwe. Azungu amati koma. Kwathu ku Malawi timati mpatuliro."

Anatenga cholembera changa nkuika kamchira kakang'ono pambuyo pa "saw". Anandifotokozera mosakweza mawu, ngati ali m'kalasi. Anati m'Chingelezi ukamalankhula ndi munthu nkumutchula dzina, dzinalo umalipatula ndi kachizindikiro kameneko, kaya lili koyambirira, pakati kapena kumapeto. Ukapanda kutero dzinalo limagwera m'nkhani, limasanduka munthu amene waonedwa, wamenyedwa kapena wagwidwa. Anati mayi anga anauza a Moyo kuti anaona wakuba, koma pepala langa linauza patarau kuti mayi anaona a Moyo. Anawonjeza kuti si Chingelezi chokha, ngakhale m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi ndi chimodzimodzi, kungoti polankhula mpweya umatigwirira ntchitoyo osazindikira.

Mayi anagwira pakamwa. Mboni imene tinaitukwana dzulo lake inali pamphasa pomwepo, ndi mlembi wake ataima pambali.

Munthu wabwino akanagwada nthawi yomweyo. Ine sindinagwade. Magazi anakwera kumutu, ndipo ndinayamba kulalata. Ndinati aliyense wamutu wabwino akanamva tanthauzo lake. Ndinati mzunguyo ndi chitsiru, kalaliki wake ndi chitsiru chachiwiri, ndipo chinenero chimene chingamangitse munthu chifukwa cha kadontho konga chitosi cha ntchentche nchinenero chopusa. Ndinati aphunzitsi anga akusukulu sanandichongerepo cholakwa chimenecho ngakhale kamodzi. Mayi anandiuza kuti ndipepese. Ndinakana. Anavula patapata, ndipo ndinaima chilili kudikira kuti andimenye, pakuti kumenyedwa kunali kopepuka kuposa kunena liwu limenelo.

A Moyo anakweza dzanja. Anati sanabwerere pepani, chifukwa pepani satsekula chipinda cha katundu. Anati iwo akapita okha kukafotokoza za virigula, patarau adzati ndi nzeru za mbava yophunzira. Woyenera kupita ndi amene ananena mawuwo ndi amene anawalemba. Anaimirira, napinda fotokope ija, natsanzika mayi mwaulemu. Ine sanandiyang'anenso.

Ndinavomera kupita, koma musaganize kuti ndinali nditalapa. Ndinkapita kukamenya nkhondo yanga. M'mawa wa Lachinayi ndinatenga kope langa la Chingelezi, lodzaza ndi machongi ofiira a aphunzitsi, kuti ndikamuonetse mzunguyo kuti amene analemba kalatayo si mbuli. Tinakwera chapa, kaminibasi ka kwathu, mpaka pamphambano, kwinako nkuyenda pansi, magalimoto a malasha akutithira fumbi.

Ofesi ya patarau inali kontena yachitsulo, mkati mozizira ngati mufiriji. Thukuta linandiumira pamsana. Mzunguyo anali wofiira khosi, atakhala kuseri kwa tebulo, kalaliki ataima pambali pake. Sanatipatse mpando. Ndinafotokoza m'Chingelezi changa chothyokathyoka kuti pali kachizindikiro kamene kanatsala, ndipo ndinamusonyeza malo ake. Anamvetsera akusewera ndi makiyi a a Moyo, amene anali patebulo pomwepo.

Anayankha kudzera mwa kalaliki, ngati kuti Chingelezi changa sichinamufike. Anati kadontho aliyense angathe kukaika mawa lake, makamaka ngati wachezeredwa ndi munthu amene akufuna kupulumuka. Anafunsa ngati a Moyo anabwera kwathu. Mayi anati inde, anabwera. Mzunguyo anatambasula manja ngati nkhani yatha. Anati mayi asamale, chifukwa wantchito wosintha mawu ake nayenso alibe malo pakampupo.

"Muuzeni kuti sindinasinthe liwu ngakhale limodzi," anatero mayi kwa kalaliki. "Chimene ndinanena Lamulungu ndi chimene ndikunena lero."

Apo mpamene ndinaponya kope langa patebulo. Ndinati aone yekha ngati ine ndili munthu wolemba zopanda pake. Analitsekula mwaulesi, nayamba kuwerenga mokweza timakambirano timene tinkalemba m'kalasi, akutengera mawu a mwana. "Come here John. How are you teacher. Sit down Mary." Kalaliki anali akusekerera kale.

Ndikumva ziganizo zanga zikutuluka m'kamwa mwa munthu wina, zopanda popumira, ndinaona chimene sindinkafuna kuona. M'kope lonselo munalibe virigula ngakhale imodzi patsogolo pa dzina la munthu. Aphunzitsi anga ankangochonga, mwina nawonso osadziwa, mwina atatopa ndi makope athu ochuluka. Buku limene ndinabweretsa kuti lichitire umboni nzeru zanga linkachitira umboni umbuli wanga. Ndipo umbuli umenewo ndi wokhawo umene ukanapulumutsa a Moyo.

Ndikanatha kutseka kopelo nkutuluka ndi ulemu wanga wonse. Sindinama, ndinaganizapo.

Ndinapempha kalata yeniyeni ija. Kalaliki anazengereza, ine nkuitsomphola pamulu wa mapepala. Iye anali atapaka chikasu mzere umodzi wokha, ndipo patarau anawerenga wokhawo. Ndinaika chala pamzere woyamba, kenaka pa womaliza. Ndinafunsa kuti ndani amapereka moni kwa mbava m'kalata yoineneza, nkumaliza ndi kuithokoza. Ndinati kalata yonseyo ikulankhula ndi a Moyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo paliponse pamene pali dzina lawo palibe kachizindikiroko, osati pamzere wachikasu pokha. Kenaka ndinakankhira kope kwa mzunguyo nkumuuza kuti afufuze tsamba lililonse. Ndinati sapeza ngakhale kamodzi, chifukwa ine chinthu chimenechi sindinkachidziwa mpaka dzulo. Ndinanena mokweza, kuti ndi kalaliki yemwe amve: sindikudziwa.

Anaseka onse awiri. Mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola, akubwereza mawu anga kwa kalaliki wake. Ndinadikira kuti apume, ndipo ndinamuyang'ana m'maso.

"Laugh, sir, but read."

Ndinapuma dala patsogolo pa "sir" ndi pambuyo pake, kupuma kwautali, kuti aone kuti tsopano ndikudziwa pamene kamchira kamakhala. Sindikudziwa ngati chinamugwira ndi mawuwo kapena nkhope yanga. Anasiya kuseka. Anawerenga kalata yonse, mizere inayi yokha imene akanatha kuiwerenga Lolemba lomwe. Anatsekula kope, natembenuza masamba ambiri ndithu, chala chikuyenda pansi pa mayina. Atamaliza anayang'ana kalaliki nthawi yaitali, mnyamatayo nkuyamba kukonzakonza mapepala amene anali okonzeka kale.

Kenaka anafunsa mayi kuti nanga anaona ndani. Mayi anatchula dzina la dalaivala wa galimoto yobweretsa madzi pakampupo, mosanong'ona, ngakhale ankadziwa kuti munthuyo amakhala m'bairo loyandikana ndi lathu. Patarau anawakankhira pepala kuti zilembedwe. Mayi analikankhira komweko.

"Ndanena pamaso panu. Lembani nokha, chinenerocho nchanu."

Kalaliki anatanthauzira monyinyirika. Mzunguyo analemba yekha.

Ena mwa mabotawo anapezeka kunyumba kwa dalaivalayo tsiku lomwelo, ndipo Loweruka a Moyo anabwezeredwa makiyi awo. Anawabwezera muofesi, chitseko chili chotseka. Pageti paja pamene anawachititsa manyazi panalibe amene anaima kunena kuti bamboyu sanabe. Mbiri yoti mphunzitsi wa ku Malawi anagwidwa ndi mabota inali itafika kale kumsika, ndipo mbiri yowayeretsa inkayenda pang'onopang'ono pambuyo pake. Anagwira ntchito miyezi ingapo, kenaka anapeza malo kwina ku Moatize. Kwathu ankabwerabe, ndipo ulendo uliwonse ankandibweretsera nyuzipepala yakale ya Chingelezi nkundiuza kuti ndizunguze ndi cholembera paliponse pamene munthu akuitanidwa ndi dzina. Liwu lakuti pepani sindinawauze. Iwo sanalifunse. Ndinkangozunguza timichirato mpaka pepala kubooka.

Kalaliki uja anafalitsa nkhani yanga bairo lonse. Madoda aja anasiya kundidikira pakhomo, ndipo anzanga a mpira anandipatsa dzina lakuti Virigula. Ndinamenyana ndi awiri chifukwa cha dzinalo, dzina nkukhazikika kwambiri. Mpaka lero, imvi zitayamba kale m'ndevu, alipo amene amandiitana choncho, ndipo ndinasiya kuwathamangitsa.

Tsopano ndimagwira ntchito yotumiza magalimoto a katundu, ndipo tsiku lonse ndimalemba mauthenga pafoni kwa madalaivala ndi mabwana, m'zinenero zitatu. Anyamata a muofesi amandiseka kuti ndine ndekha mu Tete amene amaika virigula mu uthenga wa mawu awiri. Asekeni. Wina akanditumizira "Stop Manuel" ndimamuimbira nthawi yomweyo kumufunsa ngati akuuza Manuel kuti aime kapena akuuza ine kuti ndikamuimitse Manuel, ndipo sindimufunsa mofatsa.

Maganizo anga pa mzungu uja sanasinthe. Munthu amene amabwera m'dziko la eni, nkulamula mayi wochapa zovala kuti apereke umboni m'chinenero chimene sachidziwa, kenaka nkulanda mnzake makiyi atawerenga mzere umodzi mwa inayi, ameneyo ali ndi mlandu wake ndipo sindidzamuchotsera. Chingelezi sindichigwadira. Ndi chida, ngati sipanala, ndipo amene amachilankhula si anzeru kuposa mayi anga.

Koma mlandu wa mzunguyo sufafaniza wanga, ndipo izi zinanditengera zaka kuti ndizivomere. Mayi anga analankhula bwino. Anapuma pamene panayenera kupumidwa, chifukwa ankalemekeza munthu amene ankalankhula naye. Ine ndi amene ndinameza kupumako pothamangira mpira, ndikudziyesa katswiri. Pepala lilibe mpweya, lilibe nkhope, silingathe kutsitsa mawu kapena kuloza ndi maso. Likachoka m'manja mwako limakalankhula lokha kwa anthu amene sakukudziwa ndipo sakukufunira zabwino, ndipo limanena zokhazo zimene unaikapo. Ukamuitana munthu ndi dzina, umuimike pambali, kunja kwa nkhaniyo, kuti amve. Ukapanda kumupatula wamukankhira m'kati mwake, ndipo ngati nkhaniyo ndi yakuba, wamusandutsa mbava ndi dzanja lako, uku ukumuthokoza.